Nambala 47

Tsamba la ginko ndinabwera nalo m'buku,
lachikasu, lotambasuka ngati chikupizo.
Lero lili pakhoma la labu kuno ku Luwinga,
selotepi yake yayamba kumatuka.

Kumene ndinkaphunzira, kutsidya kwa nyanja,
msewu wonse unali ginko, uku ndi uku.
Tinathyola masamba pa mitengo makumi asanu,
tinasinja, tinasungunula, tinadikira makina,
ndipo mizere ya DNA itatuluka pa jelo
inangoti ndondondo, yofanana,
ngati ana a yunifomu pa asembule.
Aphunzitsi anaseka: uwu ndi mtengo umodzi,
wamphongo, womezanitsidwa kambirimbiri
chifukwa zipatso za waukazi zimanunkha.
Ine sindinaseke.
Nthenda imodzi, ndinatero mumtima,
ingaugoneke msewu wonsewu chaka chimodzi.

Kuno ndimayeza misuku.
Juni wa Mzuzu salola zala kugwira timachubu,
ndimayamba ndazibisa m'khwapa.
Masamba amabwera m'maenvulopu a khaki:
Kaning'ina, Choma, Lusangazi, kuseri kwa Dunduzu,
mtengo uliwonse nambala yake,
yolembedwa ndi a Mzumara, a chikwanje m'manja, pensulo kukhutu,
amene sakhulupirira kuti mtengo uli ndi abale.
"Msuku ndi msuku, adona."

Lachinayi usiku, nditayatsa nyali ya buluu,
mizere inakhala ngati mabanja pa siwa:
awa aunjikana, awa atalikirana pang'ono,
a ku Choma ndi a ku Lusangazi ndi pachisuweni,
mungu unawoloka chigwa
pa miyendo ya kachilombo kosadziwa malire a mfumu.
Koma nambala 47 inali ndi kamzere kakekake,
pamwamba, kopyapyala, kopanda mnzake.
Ndinayesa dzanja langa lanjenjemera.
Ndinabwereza katatu.
Kanabwerabe, kamakani.

NyaMsiska pano akugulitsa nthochi pa Chibavi,
masuku akudikira Novembala.
Ndinangotchula mtsetse wa kumtunda kwa damu,
iye n'kundilanda mawu:
"Uja wopendekera, wa khungwa long'aluka?
Masuku ake sawola msanga.
Amafika ku Lilongwe pa basi ali gwa."
Sindinganene kuti kamzere kanga ndiko kamachititsa,
ntchito yanga sinafike pamenepo.
Koma lilime lake linali litausankha kale mtengowo
ine ndisanagule magolovesi.

Loweruka tinakwera ndi a Mzumara,
nkhungu itatsika mpaka m'mawondo,
mvula yowaza ikulowa m'kolala.
Penti yofiira ya 46 tinaipeza.
Ya 48 tinaipeza.
Pakati pake chitsa,
ndi dothi lopserera pomwe panali uvuni wa makala,
likadali lofunda ukapisa dzanja.
Matumba angati? Mwina atatu.
Mwina limodzi ndi lija ndinagula pa njinga Lachiwiri
magetsi atazima,
ndikuwotha, ndikuwerenga mizere yake yomwe.

A Mzumara anavula chipewa.
Iwo aja a msuku ndi msuku.

Mufiliji muli kachubu ka chivindikiro chobiriwira,
timadzi toyera tosadzaza n'kasupuni komwe.
Magetsi akathima ndimathamangira ku jenereta
ngati muli mwana wodwala,
chonsecho timadzito sitingaphuke,
sitingagwire dothi pa mtsetse,
sitingakwere basi ya ku Lilongwe.
Ndi dzina chabe la womwalira, lolembedwa bwino.

Koma ndisaname, pachitsa paja panali kanthu:
mphukira zitatu, zofiirira, zaubweya,
zazifupi kuposa chala changa.
A Mzumara anadula minga n'kuzitchingira mbuzi
osandifunsa, osandiyang'ana.
Ine ndinatulutsa envulopu mwachizolowezi,
ndinalemba deti, ndinalemba nambala,
ndinatambasula dzanja.

Masamba ake anali asanu ndi awiri. Ndinawerenga.

Envulopu ndabwera nayo yopanda kanthu.
Ili pakhoma, pambali pa ginko,
ndipo selotepi ndagula yatsopano.